Giyabokosi ikafa, chimanga chimagona m'munda

HARARE – Maiko angapo a kummwera kwa Africa akhala akulowa m'ngongole zogulira mathirakitala ndi makina okolola chimanga pofuna kuchulukitsa chakudya. Pa miyambo yolandira makinawa, akuluakulu a boma amatchula chiwerengero chake ndi mtengo wake. Nkhani ya masipeya, oyilo ndi amakaniko siimveka kawirikawiri, chonsecho ndi imene imagamula ngati makinawo adzagwire ntchito zaka khumi kapena nyengo ziwiri zokha.

Dziko la Zimbabwe lidaphunzira izi mowawa. M'chaka cha 2007, banki yaikulu ya dzikolo, motsogozedwa ndi Gideon Gono, idayamba kugawira alimi mathirakitala, makina okolola ndi zipangizo zina za ndalama pafupifupi madola 200 miliyoni a ku America. Nthawi imeneyo chuma chidali chitalowa pansi ndipo ndalama zakunja zoitanitsira masipeya zinkasowa. M'chaka cha 2015, lamulo lidasamutsira ngongole za bankiyo ku boma, kutanthauza kuti anthu okhoma msonkho ndiwo adasenza katunduyo. Pambuyo pake dzikolo lidalandiranso makina ochokera ku Brazil m'chaka cha 2015, ndi ena ochokera ku Belarus kuyambira m'chaka cha 2020.

Kuti vutoli limveke, mpofunika kudziwa momwe makina okolola amagwirira ntchito. Kutsogolo kwake kumakhala mutu wokhala ndi timipata, kampata kalikonse ka mzere umodzi wa chimanga. Pansi pa kampatako pali zitsulo ziwiri zozungulira zomwe zimakokera phesi pansi mwamphamvu mpaka chimanga kuthothoka, kenaka matcheni amachikankhira m'kati mwa makina kuti chikapunthidwe. Chimene chimayendetsa zitsulozo ndi matcheniwo ndi giyabokosi, ndipo mzere uliwonse uli ndi yake. Mutu wa mizere isanu ndi itatu uli ndi magiyabokosi asanu ndi atatu. Imodzi yokha ikafa, kukolola kumaima.

Giyabokosiyi imagwira ntchito pafupi ndi nthaka, m'fumbi, m'mapesi ndi m'udzu. Kawirikawiri kuonongeka kumayambira pa timphira totseka oyilo. Makoko, zingwe kapena mawaya zikakulungika pa chitsulo chozungulira, timphirato timadyeka, oyilo amayamba kudontha, fumbi nkulowa. Magiya akauma amatentha, mano ake nkuthyoka. Pakati pa mapesi ouma, chitsulo chotentha choncho chingathe kuyatsa moto womwe ungapsereze makina ndi munda womwe.

Chisamaliro chake si chovuta. Mwini makina amayenera kuona mlingo wa oyilo kapena girizi nyengo yokolola isanayambe ndiponso pa maola amene buku la makinawo latchula, kuchotsa zinyalala tsiku ndi tsiku, kukunga matcheni moyenera, ndi kuyesa kalachi yomwe imatereka makina akaluma mwala kapena chitsa. Mtundu wa mafuta nawo ndi wofunika. Makampani ena, monga John Deere, ali ndi girizi wofewa wopangidwira magiyabokosi amenewa, pomwe ena amalamula oyilo wa magiya. Girizi wamba wolimba amakankhidwira m'mbali, magiya nkumazungulira ouma. Apa ndi pomwe mlimi wosowa ndalama amagwa m'mbuna, chifukwa amathira chilichonse chimene wachipeza pa sitolo yapafupi.

Kusiyana kwa maiko kumaonekera pa tsiku lomwe makina afa. Ku South Africa, m'zigawo za Free State, North West ndi Mpumalanga momwe mumalimidwa chimanga chambiri, ogulitsa makina ali ndi nthambi ndi amakaniko m'matauni a alimi. Chaka chilichonse m'mwezi wa May, bungwe la Grain SA limachititsa chionetsero cha NAMPO pafupi ndi Bothaville, komwe alimi amakumana ndi opanga makina ndi masipeya. Mlimi wa ku Mkushi m'dziko la Zambia, kapena wa ku Chinhoyi m'dziko la Zimbabwe, nthawi zambiri amadikira kuti chitsulo chichokere ku Lusaka, Harare kapena Johannesburg, chidutse pa chipata cha m'malire, ndipo chilipiridwe ndi ndalama zakunja. Ku Malawi, komwe alimi ambiri amakolola ndi manja, amene ali ndi minda ikuluikulu adaona mitengo ya katundu wochokera kunja ikukwera pamene kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023.

Pamene mlimi akudikira, chimanga sichidikira. Mapesi amagwa, chiswe ndi mbewa zimadya, akuba ndi moto wolusa zimaopseza. Pa minda yothirira, kuchedwa kukolola chimanga kumachedwetsanso kudzala tirigu wa nyengo yozizira. Kutaya kotereku kumapweteka kwambiri m'zaka za njala. Chilala cha m'chaka cha 2024 chidachititsa maiko a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe kulengeza kuti ali pa ngozi, ndipo Zambia idakolola matani pafupifupi 1.5 miliyoni okha, kutsika kuchoka pa matani oposa 3 miliyoni chaka chapitacho.

Vuto lina ndi kuchuluka kwa mitundu ya makina. Dziko likagula ku Brazil lero, ku Belarus mawa, ku America mkuja, giyabokosi ya mtundu wina siilowa pa unzake, ndipo makaniko wodziwa uwu amasokonezeka ndi uwo. Wogulitsa masipeya naye sangasunge zitsulo za mtundu uliwonse pamene makina ake ndi owerengeka.

Nchifukwa chake mgwirizano wogula makina umayenera kuwerengedwa mpaka ku tsamba lomaliza. Aphungu a nyumba ya malamulo ndi mabungwe a alimi ali ndi mafunso oti afunse ngongole isanasainidwe: masipeya adzasungidwa kuti, kwa zaka zingati, ndani adzaphunzitse amakaniko, ndipo ndalama zakunja zogulira oyilo woyenera zidzachokera kuti? Ngongole imabwezedwa ndithu, kaya makinawo akukolola kapena angokhala pansi pa mtengo nkumachita dzimbiri.