Gulani TV m'nyengo yozizira, osati pa Khrisimasi

Mwezi wa Novembala ukafika, masitolo a ku South Africa amatsitsa mitengo ya wailesi za kanema, ndipo ambiri mwa inu mumayamba kusunga ndalama kuti mukapite nayo kumudzi pa Khrisimasi. Kutsika kwa mitengoku n'koona. Mafakitale a ku China, monga BOE, akupanga magalasi a TV ochuluka zedi, ndipo mitundu yatsopano ngati OLED ndi Mini-LED ikafika pamsika, yakale imatchipa. Ma TV ena amalumikizidwa konkuno: Hisense ili ndi fakitale ku Atlantis, pafupi ndi Cape Town, kuyambira 2013.

Komabe akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Anthu amafunsa kawirikawiri kuti kampani yodalirika ndi iti. Yankho langa ndi lakuti dzina lolembedwa pa bokosi silingakutetezeni ngati lisiti limene lili m'thumba mwanu.

Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2008, pa gawo 56, limati katundu akapezeka ndi vuto pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, wogula angathe kumubweza, ndipo ndiye amasankha: amukonzere, amusinthire, kapena amubwezere ndalama. Akakonzedwa n'kuwonongekanso pasanathe miyezi itatu, sitolo iyenera kupereka wina kapena kubweza ndalama. Ufuluwu ndi wa wogula aliyense, nzika kapena mlendo. Sitolo ikakana, dandaulo lingapite ku National Consumer Commission.

Vuto lili apa. TV yogulidwa sabata yokwera basi imawoloka Beitbridge isanayesedwe n'komwe. Ikakazima ku Mangochi kapena ku Chipata mu Januwale, ndani angaibweze ku Johannesburg? Ndalama za ulendo zingapose mtengo wa TV yomwe. Ufulu ulipo papepala, koma wathera pachipata.

N'chifukwa chake ndikuti gulani mu Juni kapena Julaye, ngakhale mtengo ukhale wokwererapo pang'ono. Ionereni m'chipinda chanu miyezi ingapo. Ngati ili ndi chilema cha kufakitale, mwayi ulipo woti chionekere sitolo ikadali pafupi. Lisiti mulijambule pa foni, popeza inki yake imafufutika. Funsaninso ngati kampaniyo ili ndi okonza ovomerezeka kwanu, ndipo mugule kachipangizo koteteza TV magetsi akabwera mwamphamvu.

Pomaliza, werengani mtengo m'maola a thukuta lanu. Kuyambira Malichi 2025, malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba ndi wa pa famu anali R28.79 pa ola, kutanthauza pafupifupi R1,300 pa sabata ya maola 45. Mukagula pa ngongole, chiwongoladzanja ndi ndalama zina zoonjezera zimadya zonse zimene sitolo inatsitsa. Funsani ndalama zonse zimene mudzalipire pofika kumapeto, musanasaine. TV imene yakudyerani masabata angapo a ntchito iyenera kukafika kumudzi itayesedwa kale.