Mbaula m'galaja nyengo yozizira

Mwezi wa Juni ukangolowa, ife a ku Mzuzu timadziwa kuti zolawirira ku ntchito zavuta. Chifunga chimakuta mzinda, kamvula kowaza kamatha tsiku lonse, zala zimauma moti ngakhale sowo imakanika kugwira. Mabanja ambiri a mumpingo ku Chibavi, Zolozolo ndi Luwinga anasandutsa galaja kukhala shopu ya ukalipentala, yosokeramo zovala kapena yokonzeramo njinga zamoto. Denga ndi la malata lopanda siling'i, pansi ndi pa simenti, ndiye kuzizira kumalowa mpaka m'mafupa. Chimene ambirife timachita n'kukoleza mbaula, kuilowetsa, n'kutseka chitseko kuti kutentha kusathawe.

Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Mpweyawu sununkha, suoneka, sutsokomoletsa ngati utsi wa nkhuni. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni ka 200 n'kupitirira, motero thupi limakomoka munthu akupuma ndithu. Makala ofiira osafuka, aja timati apsa bwinowa, amautulutsabe. Jenereta kapena injini ya galimoto yolizidwa m'galaja yotseka imachitanso chimodzimodzi.

Chaka chatha tikuyendera mabanja, tinapeza mnyamata wophunzira ukalipentala amene ankagona m'shopu polondera zida za abwana ake. M'mawa uliwonse ankadzuka mutu ukuwawa, ali ndi chizungulire ndi nseru. Anakayezetsa malungo kawiri, osapezeka. Titamufunsa mmene amagonera, anatilozera mbaula pambali pa mphasa yake. Atasiya kugona nayo, mutu unaleka kuwawa. Ena m'mawa wotero sadzukanso.

Ife timati mbaula ikhale pakhonde, muzituluka kukaotha n'kubwerera ku ntchito. Ngati mwailowetsa, chitseko ndi zenera zikhale zotsegula, ndipo munthu asagone nayo ngakhale usiku umodzi. Mabowo olowera mpweya aja pamwamba pa khoma musawatseke ndi nsanza. Komanso shopu ili ndi utuchi, thina, vanishi ndi petulo, zomwe zimangofuna kakhala kamodzi kothetheka.

Ndalama ya makala ya miyezi iwiri ingagwire ntchito yokhalitsa. Khomani siling'i, ngakhale ya zidutswa za pulayiwudu, chifukwa kutentha kwambiri kumathawira kudenga. Pamalo pomwe mumaima yalani matabwa otsala, mapazi asakhudze simenti. Juzi ziwiri zopyapyala, chipewa ndi masokosi za pakaunjika zimafunditsa bwino, koma pafupi ndi makina ozungulira musavale sikafu kapena magolovesi. Zomata ndi guluu ndi kupaka vanishi zisungireni masana dzuwa likatuluka, zimaumanso bwino. Mlonda mupatseni bulangete lachiwiri, phala lotentha ndi botolo la madzi otentha lokulunga m'nsalu. Amene muli ndi hita yamagetsi, muziilumikiza pakhoma penipeni, osati pa waya wowonda wolumikizalumikiza.

Mukapeza munthu wafooka kapena wakomoka m'chipinda chomwe muli mbaula, tsegulani zitseko, mutulutseni panja msanga, ndipo thamangirani naye kuchipatala ngakhale atatsitsimuka. Mkaka suchotsa poizoni ameneyu, ndipo munthu wokomoka sitimumwetsa kanthu. Mukafika, uzani adokotala kuti anali m'chipinda cha mbaula, kuti asataye nthawi kufunafuna malungo.