TIUZANE PA CHEMUSA: Galu wouwa mphepo

 

Kumene ndimachita lendi kuli galu wa eni nyumba. Galu ameneyu pakamwa sipatseka. Nkhuku ikadutsa, auwa. Mphepo ikagwedeza malata, auwa. Chidakwa chikamabwerera ku shabini chikuimba, auwa. Masiku oyamba tinkadzambatuka ndi zibonga, koma pakutha pa miyezi iwiri tinazolowera. Akauwa timangotembenuka nkukoka bulangete.

Tsono usiku wina kunabwera anyamata aja a manja ataliatali. Anayalula zovala pa chingwe, mbaula ndi ndowa osasiya. Galu anauwa ndithu, tonse tinamva, koma palibe anadzuka.

Mwina mukuti mtolankhani uyu nkhani zamuthera, wayamba kulemba za agalu. Dikirani, abale anga.

Mukalowa m'sitolo zikuluzikulu kapena m'mabanki, mumaona makompyuta pa malo olipirira. Mabizinesi ambiri masiku ano amapatsa ganyu kampani ina kuti iziyang'anira makina otere ili kutali, kudzera pa intaneti. M'kompyuta iliyonse amaikamo kapulogalamu kokhala ngati mlonda. Ntchito yake nkutumiza mauthenga kwa katswiri: makina atentha, malo osungiramo zinthu atsala pang'ono kudzaza, magetsi athima, wina wayesa nambala yachinsinsi kambirimbiri koma akuphonya.

Vuto nlakuti mlondayu amafanana ndi galu wa kwathu uja. Katswiri mmodzi akamayang'anira makompyuta mazanamazana, mauthenga amagwa ngati mvula ya mu Januwale, ndipo ambiri ndi opanda pake. Maso amatopa, mtima umazolowera.

Nchifukwa chake odziwa ntchito amasankhula mauthengawo ngati m'mene mayi amasankhulira tomato pa benchi. Maina amasiyana kampani ndi kampani, koma tiyerekeze ndi maloboti a pamsewu. Ofiira ndi oti munthu adzuke ngakhale pakati pa usiku, monga kompyuta yaikulu yazima kapena mbava yalowa. Achikasu ndi oti akonzedwe lero kapena mawa zisanafike poipa. Obiriwira ndi ongolemba m'buku, bwana adzawaona pa lipoti la pa mwezi.

Kusankhula kokha sikokwanira. Uthenga wofiira uyenera kukhala ndi mwini wake, munthu wodziwika dzina, ndi nthawi yoti akhale atayankha. Akapanda kuyankha, uthengawo ukwere kwa bwana wake. Uthenga wotumizidwa kwa aliyense suwerengedwa ndi aliyense, poti yense amati mnzanga waona kale.

Mukuganiza ndikukokomeza? Mu 2013, ku America, mbava za pa kompyuta zinalowa m'makina a sitolo zotchuka za Target. Kampaniyo inali itagula kale mlonda wa pa kompyuta wodula kwambiri, ndipo mlondayo anauwa. Anthu amene ankayang'anira makinawo ali ku Bangalore, m'dziko la India, anaona chenjezo nkudziwitsa likulu ku Minneapolis. Ku likuluko nkhani inangofera m'mazira. Mapeto ake manambala a makhadi a kubanki okwana 40 miliyoni anabedwa, ndipo mu 2014 mkulu wa kampaniyo, a Gregg Steinhafel, anatula pansi udindo.

Musati za makompyuta nza azungu okha. Inu opita ku Joni ndi ku Dar es Salaam kukaoda katundu mukukumbukira kumayambiriro kwa 2024, pamene ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo. Mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale chaka chimenecho kuti mbava zinalanda makina a ku Immigration nkumafuna dipo. Kompyuta ikadwala ku ofesi, mphika umazizira ku Mbayani.

Koma nkhani yanga yeniyeni ili m'thumba mwanu kapena pa mfundo ya chitenje chanu. Chibwerereni Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, foni yasanduka kompyuta ya bizinesi ya munthu wamba, ndipo woiyang'anira ndinu nomwe. Tsiku lonse imangoti tii tii: gulani bandulo, ikani nyimbo, gulu la ku mpingo, gulu la banki mkhonde, msonkhe wa maliro. Pakati pa phokoso lonselo pamabisala uthenga umodzi wokhudza mpamba wanu wa bizinesi.

Ndiye tiyeni nafenso tisankhule.

Wofiira: uthenga woti ndalama zatuluka pamene inu simunatumize. Munthu woimba foni nkumati ndi wa ku kampani, akufuna PIN yanu. Netiweki kuzimiririka pa foni yanu yokha pamene anzanu a pa benchi yoyandikana akuimba bwinobwino, chifukwa mwina wina wakatengetsa simu khadi ina pa nambala yanu. Apa musadikire kuti nditsirize kaye kugulitsa. Siyirani mnzanu benchi, imbirani a kampani kapena thamangirani ku ofesi yawo, kenako ku polisi. PIN sapatsa munthu, ngakhale wovala tayi.

Wachikasu: uthenga woti mwalandira ndalama. Musathamangire kumangira kasitomala katundu. Onani kaye kumene wachokera, poti weniweni umabwera ndi dzina la kampani osati nambala ya munthu wamba, ndipo funsani balansi ndi zala zanu. Chimodzimodzi aja oti "ndatumiza molakwitsa, mundibwezereko chonde". Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Wobiriwira: zotsatsa malonda ndi magulu a macheza. Magulu a WhatsApp atsekeni pakamwa nthawi ya malonda, mudzawerenga madzulo mukudya nsima.

Dziwaninso kuti mtundu wa uthenga umatengera bizinesi yake. Mita ya ESCOM ikayamba kulira kuti mayunitsi atsala pang'ono, kwa wogulitsa kaunjika ndi nkhani ya mawa. Koma kwa mayi amene ali ndi nkhuku ndi mafirizesi mu filiji, kapena mnyamata wometa ndi makina, umenewo ndi wofiira wa psuu. Munthu wina sangakusankhireni.

Kenako nkhani ya kunena. Mukasiya mwana kapena wantchito pa okala, musangoti "zikavuta undiimbire". Mutchulireni zinthu ziwiri kapena zitatu zoti zikachitika aimbe pompopompo, ndipo mumuuze woti amuimbire inu mukapanda kuyankha. Zina zonse alembe m'kope: nthawi, nambala, ndalama zingati. Kope limenelo ndilo lidzakuyankhulireni ku kampani ndi ku polisi. Uthenga wachinyengo musafufute msanga, ndi umboni. Ndipo mukaona nambala ya kathyali, dziwitsani a tcheyamani a msika kuti achenjeze ena, chifukwa amene wakuphonyani inu lero mawa ali pa benchi ya mnzanu.

Koma chonde, tisamakuwe "wakubaa!" pa chilichonse. Aliyense akamamwaza mphekesera iliyonse imene walandira, tsiku la chenjezo lenileni anthu adzangokoka bulangete.

Galu uja akadalipo, ndipo akuuwabe mphepo. Eni nyumba akuti tisonkhe tigule wina. Ine ndawauza kuti agalu awiri ouwa chilichonse ndi phokoso lowirikiza chabe. Zovala tayamba kuanula dzuwa lisanalowe.

Tikumane sabata ya mawa, Mulungu akalola.