Sikelo ikamavina, osathamangira kudula waya wa earth

Mwezi watha anandiitana ku fakitale ina ku Kanengo. Sikelo yawo yoyezera matumba inali itapenga: thumba lomwelo ikuti makilogalamu 50, mukaliikanso ikuti 52, mota ikangolira basi manambala n'kumavina. Ndisanafike ine kunabwera mnyamata wina amene ati anakonza. Kukonza kwake kunali kudula waya wobiriwira ndi chikasu uja, wa earth, pa bokosi loyendetsa makinawo. Sikelo inakhala bata, bwana anamupatsa yake, iye ulendo. Patapita masiku, mayi wina wosoka matumba anatsamira bokosilo, magetsi n'kumuponyera uko. Mwayi wake anadzuka.

Ndati tikambirane, makamaka inu ophunzira za magetsi ndi inu eni zigayo ndi timafakitale, chifukwa mkangano uwu ndimaumva kawirikawiri: kodi tilumikize ku nthaka kapena ayi? Ine ndikuti mafunso apa alipo atatu, ndipo amene amawaphatikiza kukhala limodzi ndiwo amavulaza anthu.

Loyamba ndi la earth yoteteza moyo. Magetsi athu kuno ndi a 230 volts, ndipo pulagi yathu ili ndi mano atatu. Dzino lalitali lija analitalikitsa dala kuti lizilowa loyamba ndi kutuluka lomaliza. Waya wamoto ukasupuka n'kukhudza chitsulo cha makina, earth imakoka magetsi ambiri nthawi imodzi mpaka fyuzi ipse kapena breaker igwe. Mukaidula, njira yotsala ndi thupi la munthu. Ndipotu kuti munthu afe sipafunika magetsi ambiri: zida zotetezera anthu zimathimitsa pa 30 milliamps chabe. Apa palibe zokambirana. Earth imeneyi sidulidwa, kaya sikelo ikuvina, kaya sipika ya paukwati ikung'ung'uza.

Lachiwiri ndi la kabokosi kopereka 24 volts ku PLC ndi masensa. Ena amati waya wa negative ulumikizidwe ku earth, ena amati ayi usiyeni choncho. A mbali yachiwiriyi ali ndi mfundo: waya umodzi ukakhudza chitsulo, ntchito siima. Komatu vuto loyambalo limangokhala phee, palibe alidziwa. Tsiku lomwe waya wachiwiri udzakhudzenso, magetsi akhoza kulambalala switchi, makina n'kudzuka okha pamene munthu walowetsamo dzanja. N'chifukwa chake malamulo a makina otchedwa IEC 60204-1 amatchula njira ya kulumikiza mbali imodzi ku earth, apo ayi kuika chipangizo chochenjeza vuto loyamba likangochitika. Tsono tinene zoona, ndi angati kuno angagule chipangizo chotere n'kumachiyang'anira? Ine ndimalumikiza, pamalo amodzi, pafupi ndi kabokosiko, n'kuikapo fyuzi. Kuli bwino makina aime lero kusiyana n'kuti adzadzuke okha mawa.

Lachitatu ndi la shield, ukonde wa tiwaya kapena kapepala ka aluminiyamu kamene kamakuta mawaya otenga uthenga m'kati mwa kebulo. Ntchito yake ndi kutchinga phokoso la magetsi lochokera ku mamota, ma inverter ndi makina owotcherera. Shield yosalumikizidwa paliponse ndi yachabe. Nanga tilumikize mbali imodzi kapena zonse ziwiri? Vuto ndi lakuti earth ya kuno ku bokosi ndi ya uko ku shedi sizikhala pa mphamvu yofanana. Mukamanga mbali zonse popanda kuganiza, magetsi a 50 hertz amapeza njira yozungulira kudzera m'shield muja, ndiye kuvina kwa manambala kuja. Choncho kebulo ya sikelo, kapena ya sensa ya 4 mpaka 20 milliamps, nthawi zambiri timamanga mbali imodzi, ya ku bokosi.

Koma musatenge limeneli ngati lamulo la paliponse. Netiweki zothamanga monga Profibus ndi Profinet malangizo ake amati mbali zonse ziwiri, ndi chopanira chogwira shield kuzungulira konse, osati kuipota ngati chingwe n'kuimanga pa kasikuluwu. Amatinso zitsulo za mbali ziwirizo zilumikizidwe ndi waya wonenepa wamkuwa, kuti magetsi osokerawo adzere m'menemo. Ndipo ngati nyumba zatalikirana, kuno kwa ziphaliwali dzinja lililonse, ndi bwino kudutsitsa faiba, poti galasi silitenga magetsi.

Ku Kanengo kuja vuto linali lachitatuli. Shield ya sikelo anaimanga mbali zonse, kebulo yake n'kuigoneka m'paipi imodzi ndi mawaya a mota. Mnyamata uja anadula njira yozungulira ija pamalo olakwika. Bokosi lonse linatsala likudalira tiwaya topyapyala ta shield, ndipo titathothoka ndi kunjenjemera kwa makina, mayi uja ndiye anasanduka earth. Tinabwezera waya wodulidwawo, tinamasula shield mbali imodzi, tinapatutsa kebulo. Manambala anaima nji.

Ndikudziwa, bwana akakalipa kuti ntchito yaima ndipo malole akudikira panja, mmisiri amafuna chachangu. Koma inu ophunzira, musanagwire pulayala tsegulani buku la makinawo, tengani mita mupime. Inu eni malo, mmisiri akati zatheka, musanatulutse ndalama mufunseni kuti wachita chiyani ndipo wadula chiyani. Akuonetseni waya wobiriwira ndi chikasu uja kuti ulipo ndipo ndi womanga. Safunsa anadya phula. Sikelo yonama ikudyerani makilogalamu awiri pa thumba, koma bokosi lopanda earth likudikira wantchito wanu, mwinanso mwana wanu akabwera kudzakupatsirani nsima masana.