Kodi kuwotcherera zitsulo pansi pa galimoto kumailimbitsadi?

Nyengo yokolola ikafika kuno ku Chiosya, tigalimoto ting'onoting'ono timagwira ntchito ya malole. Sienta yomwe ku Japan anaipangira banja la anthu 7 imasenza matumba a soya ndi mtedza, kumbuyo kutatitimira, n'kumagudubuzika m'misewu ya fumbi kulowera ku Kamwendo. Pakapita miyezi zitseko zimayamba kuvuta kutseka, pansi pamamveka kulira, ndipo mwini wake amathamangira kwa owotcherera kuti amuikire zitsulo. Funso n'lakuti, kodi zitsulozo zimathandiza? Ine ndikuti zimathandiza ngati cholinga n'kuletsa bodi kupotoka. Koma ngati cholinga n'chakuti galimoto izinyamula katundu woposa muyeso wake, ndiye kudzinamiza, ndipo kukhoza kuphetsa anthu.

Mkanganowu si wa kuno kokha. Ku America anthu okonda kukonzanso magalimoto akale amphamvu, omwe amawatchula kuti muscle car, akhala akutsutsana za nkhani yomweyi kwa zaka zambiri. Tiyambire kumeneko chifukwa fizikisi yake imaoneka bwino.

Pali njira ziwiri zikuluzikulu zomangira galimoto. Yoyamba ndi ya Hilux ndi malole: pansi pamakhala chasisi, zitsulo ziwiri zazitali zolumikizana ngati makwerero, ndipo bodi imangokhala pamwamba. Yachiwiri ilibe chasisi yapayokha. Malata a pansi, a m'mbali ndi a denga amawotchereredwa pamodzi kukhala bokosi limodzi, ndipo bokosilo ndi lomwe limasenza zonse. Njira imeneyi inaonekera pa Lancia Lambda mu 1922 ndi pa Citroën Traction Avant mu 1934, ndipo lero pafupifupi galimoto zonse zing'onozing'ono, kuphatikizapo Sienta ndi Probox, zimamangidwa chonchi chifukwa zimapepuka komanso sizimwa mafuta ambiri.

Ford Mustang yomwe inatuluka mu 1964 inali ya mtundu wachiwiriwu. Kutsogolo inali ndi zitsulo zazifupi zogwira injini, kumbuyo zina zazifupi zogwira masipuling'i, koma pakati panali lata la pansi ndi mizati ya m'mphepete basi. Ndiye munthu akaikamo injini ya V8 yamphamvu kuposa yoyamba n'kuponda moto, bodi imapotoka ngati chovala chomwe akuchifinya. Ma subframe connector ndi mapaipi awiri achitsulo, limodzi mbali iliyonse, olumikiza zitsulo zakutsogolo zija ndi zakumbuyo. Otsutsa amati galimoto yakale iyenera kukhala mmene inatulukira ku fakitale, apo ayi mtengo wake umatsika. Ovomereza amati galimoto ya zaka 60 yomwe yadyedwa ndi dzimbiri siilinso mmene inatulukira. Pamenepa ine ndili ndi ovomereza, ndipo chifukwa chake mukhoza kuchiona ndi manja anu.

Tengani katoni yopanda kanthu, yotsegula pamwamba. Gwirani mbali ziwiri n'kupotokola. Imagonja mosavuta, eti? Tsopano tsekani pamwamba, mumate ndi selotepi, muyesenso. Katoni ndi yomweyo, kulemera n'komweko, koma yauma gwa. Chinthu chotsekeka mbali zonse chimakana kupotoka kuposa chotseguka, chifukwa mphamvu yopotokola imazungulira khoma lonse popanda polekezera. N'chifukwa chake Ford yomweyo, popanga Mustang yopanda denga, inkawonjezera zitsulo pansi: chivundikiro cha katoni chachoka, ndiye pafunika china cholowa m'malo mwake. N'chifukwa chakenso paipi imaposa chitsulo cha ngodya, chija owotcherera amati angle iron, pa ntchito yoletsa kupotoka.

Apa pali mfundo yomwe ophunzira ambiri amaisokoneza pa mayeso, ndipo amisiri ena amaisokonezanso ku galaja. Kuuma ndi kulimba si chinthu chimodzi. Kuuma ndi kukana kupindika. Kulimba ndi kukana kuthyoka. Galasi ndi louma koma limasweka msanga, pomwe chingwe cha mphira chimatamuka kwambiri chisanaduke. Lamulo la Hooke lomwe mumaphunzira m'kalasi, lija Robert Hooke analifalitsa mu 1678, limanena za kuuma: kutamuka kumakula molingana ndi mphamvu, bola musapyole malire. Chodabwitsa n'chakuti zitsulo za mtundu wa steel, zotchipa ndi zodula zomwe, zili ndi kuuma kofanana, pafupifupi 200 GPa. Choncho chimene chimaumitsa galimoto si mtengo wa chitsulo koma mpangidwe wake ndi malo amene mwachiika.

Yesani ndi rula. Tiyerekeze kuti ndi ya 30 mm m'lifupi ndi 3 mm kuchindikala. Mukaigoneka chafulati imapindika ndi chala chimodzi. Mukaiimika cham'mbali, masamu amati imauma kuwirikiza ka 100. Rula yomweyomweyo! Ndiye mmisiri amene wamata chitsulo chafulati pansi pa galimoto wangowonjezera kulemera, kuuma wawonjezera pang'ono zedi.

Mwina mukufunsa kuti, nanga bodi ikamapotoka pang'ono n'kubwerera, vuto lili pati? Amene munapangapo galimoto za waya mukudziwa yankho. Mukafuna kudula waya popanda pulayala mumaupinda uku ndi uku mpaka waduka. Kupinda kamodzi sikuthyola, koma kubwereza kumabala mng'alu waung'ono womwe umakula pang'onopang'ono. Asayansi amati chitsulo chatopa. Mu 1954 ndege ziwiri za de Havilland Comet zinaphwasukira m'mwamba pafupi ndi Italy. Akatswiri a ku Farnborough anaika thupi la ndege ina m'thanki ya madzi, n'kumalipopa ndi kuliphwetsa kambirimbiri, mpaka linang'ambika kuyambira pa kona ya zenera. Ming'alu imakonda makona ndi malo amene chinthu chouma chathera mwadzidzidzi. Msewu wa mabampu umachita ku galimoto zomwe manja anu amachita ku waya uja.

Izi zili ndi mbali ziwiri. Paipi yoikidwa bwino, yoyambira pa chitsulo chakutsogolo n'kukafika pa chakumbuyo, imachepetsa kupotoka, ndiye kutopa kumachedwa. Koma chitsulo chochindikala chomwe chathera pakati pa lata lopyapyala chimasandutsa malo amenewo kukhala kona ya zenera la Comet. Lata la pansi pa galimoto ndi la pafupifupi milimita imodzi. Moto wowotcherera ukachuluka umalibowola, umapsereza penti yoteteza ku dzimbiri, ndipo umafooketsa chitsulo cha m'mphepete mwa msoko. Pansi pomwepo ndi pamene pamadutsa mapaipi a mafuta ndi a mabuleki. Mmisiri wodziwa amayamba wawasuntha, ndipo amawotcherera galimoto itaima pamalo osalaza, kulemera kwake kuli pa matayala onse anayi. Akawotcherera itapendekeka pa jeke imodzi, kupotoka kuja wakusindikiza mpaka kalekale.

Malo ena sayenera kuumitsidwa n'komwe. Béla Barényi, injiniya wa Mercedes-Benz, ndiye anabweretsa nzeru yakuti pakati pokhala anthu pakhale pouma, koma kutsogolo ndi kumbuyo kuzifwanyika pa ngozi. Galimoto zomangidwa chonchi zinayamba kugulitsidwa mu 1959. Mwaphunzira kuti mphamvu ndi kusintha kwa momentum pogawa ndi nthawi. Kutsogolo kukamafwanyika, nthawi yoima imatalika, ndipo mphamvu yofika pa thupi la munthu imachepa. Ma subframe connector amakhala pansi pa chipinda cha anthu, pamalo oyenera kuuma. Koma amene amakhoma njanji kutsogolo kwa galimoto yaing'ono kuti "isamaphwanyike" akupulumutsa malata, nkhonya yonse n'kuitumiza kwa okwera.

Tsopano tibwerere ku matumba aja. Sindikunyoza eni magalimoto, ayi ndithu. Mafuta ndi odula, Hilux si ya aliyense, ndipo mlimi amafuna soya wake afike pamsika mtengo usanagwe. Ulendo umodzi m'malo mwa iwiri ndi ndalama zenizeni. Owotcherera athu nawonso ndi anthu aluso, onani mmene amalimbitsira makaliyala a njinga za kabaza. Koma njinga zomwezo zimatiphunzitsa kanthu. Kaliyala ikalimba, chimene chimayamba kuduka ndi masipoko, kenako limu imapindika. Katundu sanachepe, kufooka kwangosamukira pena.

Pa galimoto kumasamukira ku mabuleki ndi matayala. Tiwerengere limodzi. Tiyerekeze galimoto ya makilogalamu 1,200 ikuthamanga makilomita 60 pa ola, omwe ndi mamita 16.7 pa sekondi. Mphamvu yake ya kuyenda, theka la kulemera kuchulukitsa ndi liwiro kawiri, ndi pafupifupi 167 kJ. Ikanimo matumba 12 a makilogalamu 50. Kulemera kwafika 1,800 ndipo mphamvu ija yakwera kufika pafupifupi 250 kJ. Yonseyo mabuleki ayenera kuisandutsa kutentha nthawi iliyonse dalaivala akafuna kuima. Pamtsetse wautali mabuleki otentha kwambiri amasiya kugwira. Paipi yowotcherera pansi ija pamenepa ilibe chochita, yangowonjezera makilogalamu ake.

Choipa kwambiri n'chakuti zitsulozo, pamodzi ndi masipuling'i owonjezera, zimabisa chenjezo. Galimoto yolemedwa imalankhula: kumbuyo kumatitimira, zitseko zimalira. Mukaiumitsa imaima mowongoka ngati palibe vuto, ndipo kondakitala amati, "Malo alipo, onjezani ena awiri."

Mukadzaona galimoto itaima pa siteji, weramani muwerenge m'mbali mwa tayala. Pambuyo pa manambala a kukula kwake, monga 185/65 R15, pamakhala nambala ina ndi chilembo, mwachitsanzo 88S. Nambala 88 ikutanthauza kuti tayalalo lisasenze kuposa makilogalamu 560. Anayi pamodzi ndi 2,240, zomwe zikuoneka ngati zokwanira galimoto yathu ya 1,800 ija. Koma matumba sakhala pa matayala anayi mofanana, amaunjikana kumbuyo. Ngati matayala akumbuyo ankasenza kale makilogalamu 500 a galimoto yeniyeniyo, matumba aja awafikitsa pa 1,100, pomwe malire a awiriwo ndi 1,120. Apa sitinawerengere dalaivala, kondakitala ndi amayi atatu eni ake a soya omwe akhala pampando wapakati.