Kulimba Mtima Sikukana Mankhwala

Thupi likayamba kufooka, abale ndi abwenzi amatiuza kuti, "Limbani mtima." Mau amenewa ngabwino, koma ambiri a ife timawamva molakwa. Timayesa kuti kulimba mtima ndiko kukana kuti tidwala, kubisa mapiritsi pansi pa mphasa ndi kuseka pamene miyendo irikutupa. Kumeneko sikulimba mtima iai, ndi mantha cabe.

Tiyeni tikumbukire malemu a Winstone Zulu. Iwo anapuwala ndi poliyo akali mwana. M'caka ca 1990 anakhala munthu woyamba muno m'Zambia kuulula poyera kuti ali ndi kacirombo ka HIV, pamene anthu anali kungonong'onezana za nthendayo. Mu 1997 anadwala cifuwa ca TB, namwa mankhwala, nacira.

Koma nawonso anaterereka. M'caka ca 2000 anakopeka ndi anthu okayika ngati HIV ndiyo ibweretsa AIDS, maganizo amene Pulezidenti Thabo Mbeki wa ku South Africa anawapatsa mpata. Analeka kumwa ma ARV. Mau akuti "simudwala" anali okoma m'makutu, koma thupi silinawamvere, ndipo anadwala kwa kayakaya. Mu 2002 anabwerera ku mankhwala, nabvomera poyera kuti anasokera. Anapitiriza nchito yao yolimbikitsa odwala anzao m'maiko ambiri kufikira pamene anamwalira ku cipatala ca UTH mu Lusaka mu October 2011, patapita zaka 21 cidziwire za matenda ao.

Phunziro limeneli likhudzanso inu a matenda a shuga ndi a BP. Mankhwala a nthenda zotere sazula muzu, angoipanikiza. Mukawaleka poyesa kuti mwacira, nthendayo ibwerera mwakacetecete. Ciyembekezo ceni-ceni cimayamba pamene munthu abvomera kuti, "Inde, ndidwala," ndipo pambuyo pace adzifunsa kuti, "Nanga lero ndingathe kucita ciani?" Amene sangathenso kulima munda wonse angathe kutsirira kadimba, kapena kuweruza mirandu ya adzukulu ali pamkeka.

Ndipo inu osamala odwala, musawanamize powatonthoza. Aperekezeni ku kiliniki pa tsiku lace, akumbutseni nthawi ya mankhwala, ndiponso musawalande kanchito kalikonse kamene akali kukhoza. Paja akulu-akulu anati wobisa matenda maliro adzamuulula. Wowabvomera ndiye apeza zaka zina zokhala ndi ana ace.