Mapu Akale a Gatooma ndi Hartley Akadali ndi Ntchito

Mlangizi amene akuthandiza anthu kusankha malo okumbapo chitsime m'minda yozungulira Kadoma ndi Chegutu angachite bwino kuyamba wafunafuna mapu akale a derali, aja a ofesi ya Surveyor-General a muyeso wa 1:50 000. Pa muyeso umenewu, masentimita 2 papepala ndi kilomita imodzi pamtunda.

Mayina asakusokonezeni. Kufikira 1982 Kadoma inkatchedwa Gatooma ndipo Chegutu inali Hartley. Mtsinje wa Mupfure unkalembedwa Umfuli, Muzvezve n'kukhala Umsweswe.

Atsamunda mtima wawo unali pa golide, choncho migodi sankaiiwala polemba mapu: Cam and Motor ku Eiffel Flats, Dalny ku Chakari, ndi timigodi tambiri timene tinatsekedwa kalekale. Apa ndiye pagona phindu la mapuwa kwa mlimi. Mgodi umene unkatulutsa golide unkafuna chigayo chophwanyira miyala, ndipo pamene panaima chigayo pamatsala mulu wa mchenga wopyapyala umene unadutsa m'mankhwala aululu, mekyule kapena sayanaidi. Lero muluwo wamera udzu, koma mvula ikagwa madzi amaukokololabe. Tsatirani mizere yokhotakhota yosonyeza kukwera kwa nthaka, muone kumene madziwo amalowera. Chitsime ndi dimba zisakhale kunsi kwake. Pamene mizereyo yathithikana m'potsetsereka kwambiri, ndipo pamapu ena akale kutalika kwake kunalembedwa m'mafiti, osati m'mamita.

Madzi ndi maenje a migodi sizisewera. Mu February 2019, mvula yamphamvu inadzaza migodi ya Cricket ndi Silver Moon ku Battlefields, ndipo anthu oposa 20 anafera pansi.

Komabe mapuwa ali ndi tsankho lake. Dzina la famu analilemba mosamala, koma makolo athu ochokera ku Nyasaland, Tete ndi Fort Jameson, amene ankanyamula miyalayo ndi kutola thonje, anangotsala timadontho ta komboni topanda dzina. Manda awo ambiri sanalembedwe n'komwe. Minda itagawidwa kuyambira 2000, obwera kumene analibe wowauza kuti msitu wakutiwakuti sugwetsedwa chifukwa muli manda.

N'chifukwa chake mapu musawawerenge nokha muofesi. Ajambulitseni, mupite nawo kwa agogo a ku Ingezi kapena Rimuka amene anakulira m'makomboniwo, muwayale pamphasa. Iwo aloze pamene panali chigayo, manda ndi chitsime chimene sichinkaphwa m'chilimwe, inu muzilemba ndi pensulo. Pepala limodzi lipite kwa khansala wa dera lanu, lina lisungidwe ndi komiti ya madzi.